Maloya Nawonso Ayenera Kubwerera m'Kalasi

M'dziko lathu lino la Zambia palibe nkhani imene idanitsa anthu msanga monga nkhani ya malo. Abale a bere limodzi amaleka kulonjerana cifukwa ca malire a munda, ndipo anthu awiri osadziwana amapezeka atagula puloti imodzimodzi, aliyense ali ndi pepala lace m'manja. Cifukwa ca ici, munthu wocenjera akafuna kugula nyumba kapena famu amayamba wapita kwa loya, namlipira kuti amuonere mapepala. Amatero pokhulupirira kuti loyayo adziwa lamulo monga liliri lero. Koma funso limene ambiri safunsa ndi ili: kodi malamulo amene loyayo ali kugwiritsa nchito anawaphunzira liti, nanga anawabwereza liti?

Funsoli si lonyoza anthu ophunzira ayi. Malamulo a malo m'dziko muno asintha kwambiri pa nthawi ya moyo wa munthu mmodzi, kotero kuti zimene zinali zoona pamene loya wina anali kulemba mayeso ace zikhoza kukhala zosoceretsa lero. Ndipo loya akalakwitsa, amene amataya nyumba si iye, koma munthu amene anamkhulupirira.

Njira yofikira pa uloya

Sukulu ya zamalamulo pa Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1967. Munthu akatsiriza digiri yace ya zamalamulo sakhala loya pomwepo, koma ayenera kupita ku sukulu ya ZIALE mu Lusaka, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kulowa m'malo mwa Law Practice Institute. Kumeneko amaphunzira nchito yeniyeni ya manja, ndipo limodzi la maphunziro ace ndi la kalembedwe ka mapangano ndi kasamutsidwe ka umwini wa malo. Akapambana mayeso amalumbira m'khoti, nakhala membala wa bungwe la maloya la Law Association of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1973 ndipo ambiri alidziwa ndi dzina lakuti LAZ. Caka ndi caka loya amene ali pa nchito ayenera kutenga citupa catsopano comulola kuimira anthu.

Njira imeneyi ndi yovuta, ndipo amene aipyola ayenera ulemu. Komabe mayeso amayesa zimene munthu adziwa pa tsiku la mayesolo. Nchito ya uloya ikhoza kutenga zaka 30 kapena 40, ndipo m'zaka zimenezo Nyumba ya Malamulo siigona, oweruza nawonso saleka kugamula milandu.

Lamulo linatembenuka kawiri

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. M'nthawi ya atsamunda, m'caka ca 1928, malo a Northern Rhodesia anagawidwa pawiri: ena anakhala a mfumu ya ku England, ndiwo amene Azungu anali kupatsidwa, ndipo ena anasiyidwira eni dziko. Mu 1947 anawonjezapo gawo lacitatu, limene boma linati likusungira anthu akuda. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, Azungu ndi makampani ambiri anali ndi malo amene anali ao mpaka muyaya, opanda malire a zaka.

Pa 30 Juni 1975 a Kenneth Kaunda, amene anali Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analankhula mau amene anasintha zonse. Anali atakwiya ndi anthu ogula malo opanda kanthu mu Lusaka ndi kuwagulitsanso pa mitengo yokwera koposa. Lamulo la Conversion of Titles limene linatsatira linathetsa umwini wamuyaya, ndipo malo onse otere anasandulika obwereka ku boma kwa zaka 100 kuyambira pa 1 Julayi 1975. Malo onse anaikidwa m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu a Zambia. Nthaka payokha inaonedwa kukhala yopanda mtengo. Cimene munthu akanagulitsa ndi zokhazo zimene anamangapo kapena kubzalapo. Palibe amene analoledwa kugulitsa, kugawa, kubwereketsa kapena kukongolera malo popanda cilolezo ca Mtsogoleri, amenenso anali ndi mphamvu yoika mtengo wosayenera kupyoledwa.

Amene sanasamale za kusinthaku anapsa zala. Mu 1984 bwalo la Supreme Court linagamula kuti pangano lobwereketsa nyumba limene linapangidwa popanda cilolezoco linalibe mphamvu, kotero kuti ngakhale ndalama za lendi sizikanaitanitsidwa kupyolera m'khoti.

Patapita zaka 20 zinthu zinatembenukanso. Boma la a Frederick Chiluba linabweretsa lamulo la Lands Act la 1995, limene linafafaniza la 1975. Malo anakhalabe m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko, koma nthaka inakhalanso ndi mtengo, ndipo anthu anayamba kugulitsana mapuloti poyera. Boma limabwereketsa malo kwa zaka zosapitirira 99. Alendo nawonso anapatsidwa njira zopezera malo, monga ngati ali ndi cilolezo cokhala muno kwamuyaya, kapena ngati ndi oika cuma cao m'dziko monga mwa lamulo. Lamulo lomweli linakhazikitsa bwalo la Lands Tribunal lomva madandaulo a malo, ndipo mu 2010 bwaloli linapatsidwa lamulo lacelace ndi mphamvu zoonjezereka. Mu 2016 kunabadwa Court of Appeal, ndipo njira ya apilo inasinthanso.

Motero loya amene analumbira mu 1974 ndi kugwira nchito kufikira 2016 anaona maziko a nchito yace akugwetsedwa ndi kumangidwanso kawiri. Cikadakhala kuti anangodalira mabuku a kusukulu, akadasoceretsa anthu osawerengeka.

Zakale ndi zatsopano m'thumba limodzi

Cimene cicititsa malamulo a malo kukhala ovuta koposa n'cakuti zatsopano zikabwera, zakale sizicoka zonse. Lamulo lathu linena kuti malamulo amene anali kugwira nchito ku England pa 17 Ogasiti 1911 agwiranso nchito muno, pokhapokha ngati Nyumba ya Malamulo yathu yaika ena m'malo mwace. N'cifukwa cace oweruza athu amachulabe Statute of Frauds ya 1677, imene ifuna kuti pangano logulitsa malo likhale ndi umboni wolembedwa ndi wosainidwa, ndiponso Conveyancing Act ya 1881. Ku England komweko malamulo a malo anakonzedwanso kwambiri mu 1925, koma kukonzako sikunatifike ife. Tsono loya wacinyamata amene angotenga buku latsopano la ku London, kapena kukopera pangano pa intaneti, akhoza kulemba zinthu zimene ziribe maziko m'makhoti a Zambia.

Ngakhale pangano lozolowereka limene maloya ambiri amagwiritsa nchito pogulitsa nyumba, lokonzedwa ndi bungwe la LAZ, silinakhale cimodzimodzi. Panali la 1997, ndipo mu 2018 kunatuluka lina. Ofesi imene ingosindikizabe pepala lakale lija cifukwa ndilo liri m'kompyuta imamanga wogula ndi wogulitsa ku mfundo zimene mwina palibe anaziwerenga.

Masiku owerengeka amene agwetsa ambiri

Kugula nyumba yokhala ndi taitolo kuli ndi masitepe ace, ndipo sitepe iliyonse iri ndi msampha. Coyamba loya ayenera kufufuza m'kaundula wa malo ku Unduna wa za Malo, kuti aone ngati wogulitsayo ndiye mwini weniweni, ngati nyumbayo siinakongoleredwe ku banki, ndiponso ngati palibe wina amene anaikapo ciletso. Kufufuza m'mabuku kokha sikukwanira. Mu 2003 bwalo la Supreme Court linacenjeza kuti kugula nyumba sikuli monga kugula katundu wa m'nyumba, ndipo wogula ayenera kufunsa bwino lomwe za anthu amene apezeka akukhala pamalopo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Caciwiri ndi cilolezo ca boma. Lamulo la 1995 lifunabe kuti wogulitsa apemphe cilolezo ca Mtsogoleri wa dziko, cimene cimaperekedwa kupyolera mwa Komishinala wa za Malo. Koma linaonjeza mfundo imene munalibe m'lamulo lakale: ngati papita masiku 45 popanda yankho, cilolezoco cimaonedwa ngati caperekedwa.

Cacitatu ndi msonkho wosamutsira umwini, umene unayamba ndi lamulo la 1984 ndipo amalipira ndi wogulitsa ku bungwe la Zambia Revenue Authority. Msonkho umenewu wakhala ukukwera ndi kutsika monga mwa bajeti ya boma. Kwa zaka zingapo unali pa 5 peresenti, koma pa 1 Januwale 2025 unakwera kufika pa 8 peresenti. Pa nyumba ya K1,000,000 kusiyana kwace ndi K30,000. Loya amene sanamve za kusinthaku akauza wogulitsa ciwerengero cakale, malonda akhoza kuima pakati, wogula atalipira kale.

Cacinayi ndi kulembetsa. Lamulo la Lands and Deeds Registry lifuna kuti cikalata cosamutsa malo, cokongolera malo, kapena cobwereketsa kwa nthawi yopitirira caka cimodzi, cilembetsedwe m'kaundula. Nthawi yace ndi yowerengeka: masiku 30 ngati cinasainidwa pamalo pamene pali ofesi yolembetsera, masiku 90 ngati cinasainidwa kwina m'dziko muno, ndi caka cimodzi ngati cinasainidwa kunja. Cikalata cimene sicinalembetsedwe pa nthawi yace cimakhala copanda mphamvu, pokhapokha khoti litaonjeza nthawi. Eni masitolo ambiri ali ndi mapangano a lendi a zaka zitatu kapena zisanu ogona m'kabati, osadziwa kuti tsiku la mlandu pepalalo silidzawaimira monga anayembekezera.

Anthu ambiri amakhulupiriranso kuti taitolo ikatuluka nkhani yatha. N'zoona kuti lamulo liyesa taitolo umboni wokwanira wa umwini. Koma mu 2008, pa mlandu wa bungwe la Anti-Corruption Commission ndi kampani ina, Supreme Court inanena kuti taitolo ikhoza kufafanizidwa ngati inapezedwa mwacinyengo kapena mosatsata njira yoyenera. Zigamulo zotere sizipezeka m'buku la malamulo a Nyumba ya Malamulo. Azidziwa ndi okhawo amene amawerenga milandu yatsopano.

Malo a mafumu

Kwa ife a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, gawo lalikulu la nkhaniyi liri kumidzi. Lamulo la 1995 livomereza umwini wa malo monga mwa mwambo, ndiponso lilola munthu kusandutsa malo otere kukhala a taitolo. Kuti izi zitheke pafunika cilolezo ca mfumu ndi civomerezo ca khonsolo, ndipo anthu onse amene malowo awakhudza ayenera kufunsidwa. Kalata ya boma ya 1985 yolongosola kagawidwe ka malo inaika malire a mahekitala 250 pa malo amene khonsolo ingavomereze yokha.

Mfundo ya kufunsa anthu si yongokometsera ayi. Mu 1999 Supreme Court inaweruza mlandu wa banja lina m'mene mwana mmodzi anatenga taitolo ya malo a atate ace m'dzina lace lokha, ndipo bwalolo linapeza kuti abale ace anayenera kufunsidwa poyamba. Loya amene aona kalata ya mfumu ndi kuyesa kuti zonse zakwanira amaika wogula pa moto, cifukwa mawa kudzatulukira mlongo, mphwa kapena mkazi wamasiye amene wakhala akulima pamenepo zaka zambiri.

Apa m'pamene maphunziro a m'kalasi ayenera kukumana ndi nzeru za kumudzi. Pakati pa Acewa a Kalonga Gawa Undi ndi Ansenga, mtundu umatsata kwa amai, pamene Angoni a Mpezeni amatsata kwa atate. Loya amene sadziwa kusiyana kumeneku sangadziwe n'komwe anthu oyenera kufunsidwa. Ayeneranso kufotokozera banja poyera kuti malo akasanduka a taitolo amacoka m'manja mwa mfumu, amayamba kulipiridwa lendi ku boma, ndipo lamulo la 1995 silinaike njira yowabwezera ku mwambo. Madzi akatayika saoleka. M'maboma a Petauke ndi Chipata mafumu ena, mothandizana ndi mabungwe oona za malo, anapereka zitupa za minda kwa anthu ao. Zitupazi n'zothandiza pothetsa mikangano ya malire, koma siziri taitolo ya ku Unduna, ndipo loya ayenera kudziwa kulekanitsa ziwirizi.

Nyumba za masiye ndi za m'makomboni

Lamulo la Intestate Succession la 1989 linakhazikitsidwa kuti lithetse kulanda cuma ca masiye. Munthu akamwalira wosasiya wilo, ana amalandira magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene anali kudalira malemuyo 10. Nyumba imakhala ya ana pamodzi ndi wotsalayo, amene ali ndi ufulu wokhalamo moyo wace wonse pokhapokha atalowanso m'banja. Lamuloli silikhudza malo a mwambo. Mfundo imene igwetsa ogula ambiri ndi iyi: woyang'anira cuma ca masiye sangagulitse nyumba popanda cilolezo ca khoti. Kalata yomusankha kukhala woyang'anira siimpatsa umwini. Loya akapanda kupempha kuona cilolezoco, wogula akhoza kutaya nyumba ndi ndalama zomwe.

M'makomboni a Lusaka ndi ku Migodi, lamulo la nyumba la 1974 linapatsa makhonsolo mphamvu yopereka zitupa zao, kuphatikizapo zololeza munthu kukhala pamalo kwa zaka 30. Lamulo limenelo linafafanizidwa mu 2015 ndi Urban and Regional Planning Act, limenenso linalowa m'malo mwa lamulo lakale la mapulani a mizinda. Komabe mapepala akale aja akali m'masutikesi a anthu ambiri. Amene afuna kugula nyumba ku Chawama kapena ku George afunika loya wodziwa lamulo lakale ndi latsopano lomwe, kuti amuuze cimene pepala lirilonse litanthauza lero.

Kompyuta ndi ndalama zokayikitsa

Zaka zino zabweretsa zina zimene maloya akale sanazilote. Mu 2021 boma linatulutsa mfundo zace za kayendetsedwe ka malo m'dziko lonse, ndipo mu 2023 Unduna wa za Malo unayamba kugwiritsa nchito njira ya pa kompyuta yochedwa ZILAS, m'mene mapempho ndi malipiro amadzera pa intaneti. Loya amene anazolowera kutuma kalaliki ndi failo m'khwapa ayenera kuphunziranso, iye pamodzi ndi akalaliki ace.

Palinso lamulo la Financial Intelligence Centre la 2010, limene linaika maloya pakati pa anthu oyenera kudziwa bwino amene awagwirira nchito ndi kupereka lipoti ngati ndalama zioneka zokayikitsa. Cifukwa cace n'cakuti kugula nyumba ndiyo njira imodzi imene mbala zimabisira cuma copezedwa mwacinyengo. Loya tsono ali ndi maudindo awiri, kusunga cinsinsi ca munthu wace ndi kumvera lamuloli, ndipo kudziwa malire a ziwirizi kufuna maphunziro.

Zimene maiko ena anacita

Vutoli si lathu tokha. Ku America, dera la Minnesota ndilo linayamba kukakamiza maloya kupitiriza maphunziro, m'caka ca 1975, ndipo madera ambiri anatsatira. Ku Kenya malamulo otere anaikidwa mu 2004, ndipo loya ayenera kusonyeza kuti waphunzira asanatenge citupa ca caka cotsatira. Ku England maloya anali kuwerengeredwa maola 16 pa caka, koma mu 2016 njirayo inasiyidwa. M'malo mwace aliyense ayenera kudziyesa yekha, kupeza pamene aperewera, ndi kutsimikiza caka ndi caka kuti wacitapo kanthu. Kusinthaku kutiphunzitsa kuti kuwerenga maola kokha sikupatsa munthu nzeru, pakuti wina akhoza kusaina m'buku m'mawa ndi kubweranso pa nthawi ya cakudya.

Kuno kwathu bungwe la LAZ limakonza misonkhano ya maphunziro ya mamembala ace, ndipo sukulu ya ZIALE nayo iri ndi maphunziro a anthu amene ali kale pa nchito. Maziko alipo. Cofunika n'cakuti nkhani za malo zipatsidwe mpata waukulu, ndipo ophunzitsa asakhale maloya okhaokha. Wopima malo afotokoze m'mene mapu amawerengedwera ndi m'mene miyala ya malire imasunthidwira ndi anthu acinyengo. Wa ku kaundula anene zolakwa zimene zibwezetsa zikalata tsiku ndi tsiku. Wa msonkho alongosole bajeti yatsopano caka cisanayambe. Mafumu ndi nduna zao aitanidwe kuti anene m'mene minda imagawidwira kwao. Maphunzirowa afikenso ku zigawo, kaya pamaso kaya pa intaneti, pakuti loya wa ku Chipata amene agwira nchito yekha sangatseke ofesi kawirikawiri kukwera basi ya ku Lusaka, pamene iye ndiye akumana ndi milandu ya malo a mwambo koposa anzace a m'mizinda. Acikulire pa nchitoyi asayese kuti kukhala pansi ndi acinyamata n'kudzicepsa. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Mau kwa inu owerenga

Inu amene mufuna kugula kapena kugulitsa malo muli ndi mbali yanu. Musanalipire kanthu, funsani ku bungwe la LAZ ngati munthu amene adzicha loyayo ali ndi citupa ca caka cino. Pemphani kuona zotsatira za kufufuza kwa m'kaundula, ndipo yang'anani tsiku lace. Pitani nokha pamalopo mukalankhule ndi anthu oyandikana nawo. Ngati nyumba ndi ya masiye, funsani cilolezo ca khoti. Ngati malo ndi a mfumu, funsani amene anafunsidwa ndi amene sanafunsidwe. Funsaninso kuti msonkho ndi wotani caka cino, nanga cikalata cidzalembetsedwa tsiku liti.

Loya amene amapitiriza kuphunzira sadzakwiya ndi mafunso otere. Adzayankha limodzi ndi limodzi, ndipo pamene lamulo lasintha posacedwa adzakuuzani caka cimene linasinthira. Ngati muona kuti mafunso anu amtopetsa, sungani ndalama zanu m'thumba kufikira mutapeza wina amene adzawayankha.